Musanaboole ampulifaya yanu, fufuzani komwe ukali ukuchokera

Woimba gitala amene anadzimangira yekha ampulifaya ya mavalavu sachedwa kukumana ndi vuto ili. Akakweza mphamvu kuti gitala ilire mokalipa, kenako n'kuponda kabokosi ka delay kapena reverb, mawu onse amasanduka phala. Anzake amamuuza kuti mankhwala ake ndi effects loop. Sakunama, koma si ampulifaya iliyonse imene ingachire nawo mankhwalawa.

Ampulifaya ili ndi zigawo ziwiri. Choyamba, preamp, chimalandira mawu ofooka ochokera ku gitala n'kuwakuza, kawirikawiri ndi valavu ya 12AX7. Chachiwiri chimawapatsa mphamvu yokankhira sipika, ndipo muno ndimo mumakhala mavalavu monga 6V6, EL84 kapena EL34. Effects loop ndi mabowo awiri a jeki, send ndi return, oikidwa pakati pa zigawozi. Mawu amatuluka atakalipa kale, amadutsa mu delay, n'kubwerera. Motero delay imabwereza mawu okalipawo mwaukhondo, m'malo moti kubwerezako kuphwanyidwe ndi preamp.

Ambiri amangodula waya, n'kuwotchererapo majeki awiri, basi. Apa mpamene pagona nkhani. Mawu otuluka mu 12AX7 amatha kufika mavoti makumi angapo, pamene timabokosi tambiri topondera timayendera batire ya mavoti 9 ndipo timayembekeza mawu osapitirira voti imodzi. Kukathira mavoti onsewo n'chimodzimodzi kukhuthulira ndowa ya madzi m'kapu. Pafunika kuchepetsa mawuwo potuluka, kenako kuwakuzanso pobwerera. Ndiponso mawu a valavu akayenda m'waya wautali amataya kuthwa kwake, n'chifukwa chake amisiri amaikapo cathode follower. Ntchito ziwirizi 12AX7 imodzi imazikwanitsa, poti m'kati mwake muli magawo awiri. Koma valavu yowonjezerayo imadya 0.3 A pa mavoti 6.3 kuti itenthe, choncho onani kaye ngati thiransifoma yanu ili ndi mpata umenewu. Pasalephere kapasita yotchinga DC isanafike pa jeki, ndipo jeki ya return ikhale yodzilumikiza yokha mukazula waya, apo ayi ampulifaya idzangoti zii.

Tsono funso lenileni ndi ili: ukali wa ampulifaya yanu umabadwira kuti? Ambiri oyamba kumene amatengera pulani ya Fender Champ ya m'ma 1950, ya mawati 5, yokhala ndi 12AX7 imodzi ndi 6V6 imodzi. Ukali wake wambiri umabadwira mu 6V6, kumapeto kwenikweni. Mukaika loop isanafike valavu imeneyo, delay yanu idzaphwanyidwabe ngati kale. Mwaboola chitsulo, mwawononga ndalama, phala likadali lomwelo. Nayenso woimba kutchalitchi amene gitala yake imalira mosalala sakusowa loop. Timabokosi take angotiika kutsogolo. Amene apindule ndi uja ali ndi master volume, yemwe ukali wake umapangidwa mu preamp. Kwa ine, enawo ndalamayo agulire sipika yabwino.

Za ngozi sindizinena mwamwambo chabe. M'kati mwa ampulifaya ya mavalavu mumayenda mavoti 300 mpaka 450, ndipo makapasita akuluakulu amatha kusunga magetsiwo ngakhale mwazula pulagi kukhoma. Atha kupha munthu. Atsitseni kudzera pa resistor, osati pogunditsa sikuludiraiva, ndipo pimani ndi mita musanalowetse chala. Ngati mukupima ili yoyaka, dzanja limodzi likhale m'thumba.

Mukamaliza n'kumva kung'ung'udza komwe kunalibe, musathamangire kuimba mlandu valavu yatsopano. Kawirikawiri ndi majeki aja akhudza chitsulo cha ampulifaya, n'kutsegula njira yachiwiri ya ground. Gwiritsani majeki apulasitiki osakhudza chitsulo, waya wake ukhale wokutidwa ndi shield, ndipo mumudutsitse kutali ndi thiransifoma komanso mawaya otenthetsa mavalavu.