Franchise ya pizza sitisankha poona chikwangwani

Abale athu a geni ndi madalaivala, mkangano wa pizza wafika potitopetsa. Wina akuti Debonairs ndiye dilu, wina akuti Roman's Pizza poti ku Joni anthu amaikonda, wina wakakamira Pizza Inn chifukwa amaiona nthawi zonse akamadutsa pa Harare. Tikukangana ngati tikusankha timu ya mpira, chonsecho ndalama imene ikukambidwa apa ndi mpamba womwe munthu wausonkhanitsa zaka khumi, akugona pa Beitbridge ndi mabelo ake.

Ife tikuti dzina lalikulu si chitetezo. Domino's ndi dzina lodziwika dziko lonse, kuposa onse tatchulawa. Mu 2014 kampani ya Taste Holdings inatenga chilolezo choyendetsa Domino's ku South Africa, ndipo mashopu a Scooters Pizza ndi St Elmo's anayamba kusinthidwa kuti avale dzina latsopanolo. Pofika mu Malichi 2020 bizinesiyo inagwa, wogula sanapezeke, Domino's n'kuchoka m'dzikomo. Anthu amene anagula franchise kwa Taste anatsala ndi mauvuni ndi ngongole, dzina lili kwa eni ake ku America. Pizza Hut nayo inachokapo ku South Africa mu 2008 n'kubwereranso mu 2014. Kampani yaikulu imatha kuchoka ndi kubwerera. Inu ndi ife tikagwa, kubwerera kwake n'kuyambanso kuoda kaunjika.

Chomwe chikutidabwitsa n'chakuti mafunso oyenera timawadziwa kale, chifukwa ndi mafunso a pamsewu. Tchizi chichokera kuti? Mu franchise simugula kumene mwafuna. Kontrakiti imakuuzani kogula ufa, tchizi, msuzi wa tomato, ngakhale mabokosi. Famous Brands, eni ake a Debonairs, Steers ndi Wimpy, ali ndi mafakitale awo ndi mathiraki awo operekera katundu m'mashopu. Kwa amene watsegula ku Pretoria, zimenezi n'zabwino kwambiri. Kwa amene watsegula ku Blantyre, funsani katundu uti adzachokera kunja, adzalowera pa Nyamapanda ndi Zobue kapena ayi, ndipo thiraki ya firiji ikachedwa masiku atatu pa boda, adzaluza ndani. Madalaivala a ma reefer muli muno, auzeni anzanuwa dizilo amene firiji imadya thiraki itaima pa mzere.

Ndiye pali nkhani ya ndalama zakunja. Pizza mudzagulitsa m'makwacha, koma ngati tchizi, zipangizo za uvuni ndi royalty zikulipidwa m'marandi kapena m'madola, mwakwera njinga ya mateyala osiyana. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo ameneyo anali mtengo wa kubanki, kumene dolayo sapezeka n'komwe. Ife tikaona choncho timasiya nsapato n'kuyamba kuoda mafuta odzola. Wa franchise sangasinthe. Menyu ndi yomweyo, yunifomu ndi yomweyo, lendi ya pa mall ikudikira, jenereta ikumwa dizilo magetsi akazima.

Royalty imeneyi ambiri sakuimvetsa. Kawirikawiri imadulidwa pa ndalama zonse zomwe mwagulitsa, osati pa phindu, ndipo pamwamba pake pamakhala ina ya zotsatsa malonda. Mwezi umene mwaluza, eni dzina alandirabe gawo lawo. Sitikunena kuti ndi kuba, dzina ndi lawo ndipo maphunziro amaperekadi. Tikungoti amene akukuwerengerani phindu osatchula zimenezi akukugulitsani, sakukulangizani.

Ndipo chonde, za "ma agent" a pa WhatsApp amene akuti tumizani dipoziti tikusungireni malo, zisiyeni. Pitani ku ofesi ya kampani yeniyeniyo, mufunse ngati m'dziko mwanu muli kale munthu amene anapatsidwa chilolezo cha dziko lonse, chifukwa ngati alipo, kontrakiti yanu ili ndi iyeyo osati ndi likulu. Anthu a Domino's aja anagwera pomwepo. Amene mukufuna kutsegula ku South Africa, lamulo la Consumer Protection Act likuti akupatseni chikalata chofotokoza za bizinesiyo masiku osachepera 14 musanasaine, ndipo mukasaina muli ndi masiku 10 a ntchito oti mutha kubweza maganizo polemba kalata. Lamuloli ndi la kumeneko, silikutsatirani mukawoloka Limpopo. Ku Lusaka kapena ku Lilongwe, lipirani loya awerenge tsamba lililonse, makamaka pamene pakunena za kutha kwa kontrakiti ndi kugulitsa shopu kwa munthu wina.

Musanapereke tambala, pezani anthu atatu amene akuyendetsa kale shopu ya dzina limenelo m'dziko mwanu, osati amene kampani yakusankhirani. Pezaninso mmodzi amene anatseka. Kenako mukakhale panja pa shopuyo Lachiwiri masana pakati pa mwezi, anthu asanalandire, muwerenge mabokosi amene akutuluka pakhomo.