Sipidi pa galasi, maso pa msewu

Imwe ba driver a mu Kabwe, tiyeni tikambe zoona. Usiku pa Great North Road, pochokera ku Kapiri Mposhi, mumagwetsa maso kangati kuti muone sipidi? Pa 100 km/h motoka imadya mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi chabe. Sekondi yomweyo ndiye wanjinga wa malasha, wopanda nyali, watulukira kutsogolo kwanu.

Ma motoka odula ali na head-up display: sipidi imaonekera pa windscreen, maso osachoka pamsewu. Nzeru iyi inayambira mu ndeke za nkhondo, koma manje na imwe mungaipange pa nyumba.

Tengani foni yakale. Ikanimo app ya GPS yoonetsa sipidi, musankhe HUD mode, imene imatembenuza manambala monga pa kalilole. Igonekeni chagada pa dashboard, pa kamphasa ka labala kosatereka. Manambala adzaonekera pagalasi ali chilili. Akaoneka awiriawiri musadabwe, windscreen ili na magalasi awiri omatana. Kapepala ka reflective film kamathetsa vuto.

Koma mverani. Masana chithunzi chimafooka, ndipo dzuwa la October lingaphike batire, ndiye foni musaisiye pamenepo mukapaka. Chepetsani kuwala usiku, WhatsApp muzime. Ndipo ngati speedometer inafa, kaikonzetseni. Pa fitness ku RTSA simuzakamba ati "nili na foni".

Fikani bwino, ana akuyembekeza.