Chipani cha munthu mmodzi, amudzudzule ndani?

Ku Netherlands kuli chipani cha PVV chomwe Geert Wilders anayambitsa mu 2006. Munthu yemwe ndi membala wa chipanichi ndi mmodzi basi, Wilders yemweyo. Kulibe konvenshoni yosankha mtsogoleri, ndipo ngakhale aphungu ake si mamembala.

Mu 2023 PVV inapeza mipando 37 mwa 150 kunyumba ya malamulo, kuposa zipani zonse. Koma mu Juni 2025 Wilders anatulutsa chipanichi m'boma la mgwirizano atasemphana ndi anzake pa nkhani ya othawa kwawo, boma n'kugwa. Pachisankho cha Okutobala mipando ija inatsika kufika pa 26.

Ife tikuti apa pali vuto. Anthu oposa 2 miliyoni anamuvotera mu 2023, koma m'chipanimo palibe angamuchotse pampando akalakwitsa. Mutu umodzi susenza denga, utchuke bwanji.