Ulendo wanu wachipa, koma walipila ndani?

Kuno ku Chipata, apaulendo a zola za kumsana tinawazolowela kale. Amalowela pa boda ya Mwami, cola cacikulu kumsana, kena kakang'ono pacifuwa, n'kumafunsa kumene angapeze motoka yopita ku Mfuwe. Kwa zaka zambili tinali kungowaseka kuti azungu awa ndalama ali nazo koma afuna cabe kuvutika. Lomba acinyamata athu nawonso ayamba. Amapanga gulu pa WhatsApp, kusonkha ndalama miyezi ingapo, kubweleka cola na tenti, basi ulendo. Lilongwe ili pafupi na ise kuposa Lusaka, Mzambia safunika viza kuti alowe m'Malawi, ndipo cinenelo ni cimodzi. Conco kwa ambili ulendo woyamba wa kunja umakhala wa kunyanja na kuphili la Mulanje.

Ise tikondwela nazo zimenezi. Mwana wosayenda amati amake ndiwo odziwa kuphika. Wacinyamata amene wagona m'cipinda ca mabedi asanu na atatu pamodzi na anthu a maiko ena, wadya nsima ya pamsika na kukwela minibasi ya anthu wamba, amabwelako na nzelu zimene sakanazipeza m'hotela yodula. Makolo amene amati kuyenda kwa conco ni kuwononga ndalama, pa nkhani iyi sitili nawo mbali imodzi.

Koma ulendo wa cola wabwela na cizolowezi cimodzi coipa, ndipo tifuna kucitsutsa cisanazike mizu pakati pathu. Ni mpikisano wa kudzitama na kuchipa. Munthu akabwelako, nkhani yake yaikulu imakhala yakuti anawononga ndalama zocepa bwanji pa tsiku, anamugonjetsa bwanji wotsogolela pa mtengo, anakwela bwanji phili popanda kulipila aliyense. Anzake amamuombela m'manja pa Facebook, gulu lotsatila n'kunyamuka na colinga cakuti lichipitse kuposa pamenepo. Funso limene palibe amene amafunsa n'lakuti: ndalama imene mwasungayo yacoka m'thumba la ndani?

Pali kuchipitsa kumene kumakhudza inu nokha. Mukagona pa tenti m'malo mwa cipinda, msana umene udzapweteka ni wanu. Mukadya mbatata na tiyi m'malo mwa nkhuku, mimba ni yanu. Mukakwela minibasi yoima pa sitolo iliyonse, nthawi imene yatayika ni yanu. Pamenepo chipitsani mmene mungathele. Koma mukafika pa Likhubula, m'munsi mwa Mulanje, pamene anthu ambili amayambila kukwela, n'kuyamba kukangana na wotsogolela kapena wonyamula katundu kuti atsitse mtengo mpaka avomele cifukwa coopa kubwelela kunyumba cimanjamanja, ndiye kuti ulendo wanu wachipa pa msana wa munthu wina. Iye adzakwela njila imodzimodziyo, atasenza katundu wanu, nthawi zina na nsapato zoipa kuposa zanu. Alendo sabwela tsiku lililonse, ndipo m'nyengo ya mvula amacepa kwambili. Malipilo a masiku atatu amene mwadulawo mwina ndiwo anayenela kusunga banja lake mpaka mlendo wina adzabwele.

Cimene cimatiwawa kwambili n'cakuti ise a Kum'mawa tili na cida cimene mzungu alibe. Timakamba cinenelo cake wotsogolelayo. Timayamba na kumuuza kuti ndise amodzi, malile anangotigawa atsamunda, ku Kulamba ku Mkaika timavinila pamodzi pamaso pa Gawa Undi. Zonsezo n'zoona. Koma ngati ubale tiukumbukila cabe pa nthawi yakuti titsitse mtengo, ndiye kuti tausandutsa mpeni. M'bale weniweni akafika pamudzi pa anzake amasiyapo kanthu. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Lelo gulu limodzi la a ku Chipata likamana anthu malipilo awo, mawa gulu lina lidzapeza mbili yathu itafika kale paphili.

Nkhaniyi si ya cilungamo cokha. Ni ya moyo wa wapaulendo mwiniwake, makamaka m'masiku oyamba a ulendo. Masiku amenewo ndiwo oopsa kwambili, pa zifukwa zodziwika. Ndalama zikali zonse m'thumba, koma mantha akuti zidzatha ulendo usanafike pakati ndiye amakhala aakulu, conco munthu amadula paliponse. Thupi latopa na basi, tulo sitinakwane, madzi na zakudya n'zacilendo, nsapato n'zatsopano ndipo zikali kuluma. Pamwamba pa izo pali cangu cofuna kutumiza cithunzi coyamba kuti a kunyumba aone kuti tafika. Munthu wotopa, waumbombo na wacangu ndiye amene amakamba kuti, "Njila tiiona pa foni, wotsogolela ni wa ciani?"

Tiyeni tikambe za phililo. Nsonga yake yaitali, Sapitwa, ili pa mamita 3,002. Dzinalo lokha likucenjeza. Chipata ili pa mamita ongopitilila 1,000, ndipo mpweya umazizila na madigili pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwela. Kutanthauza kuti tsiku limene kuno mungavale shati yokha, kumwamba kuja usiku madzi angathe kuundana, makamaka mu June na July. Kulinso ciperoni, mphepo yozizila ya nkhungu na mvula yowaza imene imaphimba phili mosayembekezeleka. Ikafika, munthu saona mwala umene uli patsogolo pake, ndipo njila ya ku Sapitwa ni ya miyala ikulu-ikulu yokhala na mipata pakati. Mapu a pa foni sakuuzani mwala umene umatelela ukanyowa, kapena kamtsinje kamene kamadzala m'kanthawi kocepa mvula ikagwa kumtunda. Batili nayonso imatha msanga kukazizila. Wotsogolela amayang'ana mitambo n'kukamba kuti lelo tigone pa nyumba ya Chisepo, mawa ndiye tidzayese. Mau amenewo ndiwo mukulipila.

Mu July 2009, Gabriel Buchmann, mnyamata wa ku Brazil wa zaka 28 amene anaphunzila za cuma, anakwela Mulanje. Anali atayenda pafupifupi caka cathunthu m'maiko ambili na ndalama zocepa, kukhala na anthu wamba na kudya zimene amadya. Wotsogolela anali naye, koma anamusiya m'njila n'kupitiliza yekha kupita ku Sapitwa. Nyengo inasintha. Mtembo wake unapezeka mu August, patapita milungu yoposa iwili, ndipo cinamupha ni kuzizila. Nkhani yake inapangidwa filimu mu 2017. Zaka zisanu na cimodzi iye asanafe, mu 2003, mtsikana wa ku Netherlands anasowa pa phili lomwelo atapita yekha. Buchmann anali kumapeto kwa ulendo wake, thupi litazolowela kuyenda, maphili ena atawakwela kale. Nanga wa ku Kapata amene lelo ni tsiku lake lacitatu kunja kwa dziko, atavala juzi yopyapyala yogula pa salaula?

Ndipo munthu akasowa paphili, amene amakamufuna ni anthu omwe aja amene anakangana nawo pa mtengo. Otsogolela na onyamula katundu ndiwo amasiya nchito zawo n'kulowa m'nkhungu masiku ambili, kuika moyo wawo pangozi. Kunyumba kuno banja limayamba kusonkha ndalama za ulendo, za cipatala, mwinanso zobweletsela malilo kudutsa pa boda. Kandalama kamene kanasungidwa pa Likhubula kabala nkhongole imene abale adzalipila kwa zaka.

Tidziwa zimene ena adzayankha. Adzati ise si azungu, ndalama zathu n'zocepa, ndipo anthu a m'malo a alendo amakweza mitengo akaona cola. N'zoona kuti zimacitika, ndipo palibe amene akuti muzilipila ciliconse cimene mwauzidwa. Funsani mtengo wovomelezeka pa ofesi ya za nkhalango kapena kwa bungwe la otsogolela, funsaninso pamalo pamene mwagona, ndipo mukaudziwa lipilani wonse. Kukana kubeledwa ni cinthu cina, kupanikiza munthu wosauka kuti agwile nchito pa theka la mtengo ni cinanso. Komanso mukakhala gulu la anthu asanu kapena asanu na mmodzi, malipilo a wotsogolela mmodzi mukagawana, gawo la aliyense limacepa kwambili. Tawaonapo acinyamata amene amati alibe ya wotsogolela, koma ya mowa kunyanja na ya mabando a intaneti siisowa.

Ena adzati ulendo wa cola tanthauzo lake ni ufulu, ndipo kuyenda na munthu wokuuza poponda kumacotsa kukoma. Awa tiwakumbutse za kwathu. Ku South Luangwa, kumene Norman Carr anayambitsa zoyenda pansi poona nyama ca m'ma 1950, palibe mlendo amene amaloledwa kungoyenda pansi m'thengo yekha. Amayenda na wotsogolela wophunzitsidwa komanso sikauti wa mfuti. Mzungu akabwela n'kunena kuti njovu anaziona pa YouTube, adziyendela yekha, tonse tinganene kuti mutu wake suli bwino. N'cifukwa ciani nzelu imeneyi timaisiya pa Mwami tikamatuluka? Ku Tanzania, pa Kilimanjaro, phili la mamita 5,895, lamulo sililola kukwela popanda wotsogolela wovomelezeka, ndipo katundu wa mlendo amene wonyamula mmodzi angasenze anaikilidwa malile a makilogilamu 20. Malamulo otelo anabwela cifukwa anthu anavutika. Ngakhale kumeneko, kampani ikakupatsani mtengo wotsika modabwitsa, dziwani kuti pena pake padulidwa: pa malipilo a onyamula, pa cakudya cawo, kapena pa masiku okwelela. Ndipo masiku akacepa, thupi silipeza mpata wozolowela mpweya wocepa wa kumwamba, matenda a m'maphili n'kukugwilani.

Tisaiwalenso kuti ise tili mbali zonse ziwili za nkhaniyi. Ku Livingstone, kumene apaulendo ambili a kunja amayambila ulendo wawo wa m'Zambia, alendo akatsiliza kusewela na mafunde a Zambezi, ni acinyamata athu amene amasenza mabwato na zipangizo kukwela nazo cigwa ca Batoka. Ku Mfuwe ni abale athu amene amaphika, kuchapa na kulonda usiku. Tikamva kuti mlendo wawamana kanthu kapena wawanyoza pa mtengo, timakwiya, ndipo m'pake. Sitingakwiye ku Livingstone n'kukacita zomwezo ku Mulanje.

Conco kwa gulu lililonse limene likukonza ulendo, pempho lathu ni ili. Musananyamuke, patulani ndalama ya wotsogolela, ya onyamula katundu, ya polowela na ya nyumba zogonamo paphili, muiike payokha ngati ya basi yobwelela, yosakhudzidwa. Patulaninso ina ya mwadzidzidzi. Phili musaliike pa tsiku loyamba kapena laciwili. Gonani, idyani, yendani maulendo afupi-afupi m'munsi kuti miyendo na nsapato zizolowele. Onjezani tsiku limodzi lopanda pulogilamu, kuti nyengo ikaipa musakakamizike kukwela cifukwa basi ni ya mawa. Tengani zovala za mphepo zenizeni, jekete ya mvula na tochi. Uzani wina kunyumba njila imene mutenga na tsiku limene mutsika. Ndipo wotsogolela akati tibwelele, bwelelani, olo nsonga ikuoneka pafupi.

Ngati mwawelengela zonsezi ndipo ndalama sizikwana, ulendo wa paphili ukali usanakwane. Pitani kunyanja caka cino, Mulanje mudzamupeza caka ca mawa ali pomwepo. Ndipo ise otsala kunyumba tisinthe zimene timaombela m'manja. Mnzathu akabwelako n'kuyamba kudzitama kuti anakwela phili na ndalama zocepa, tisamufunse kuti anacita bwanji. Timufunse dzina la munthu amene anamunyamulila cola, na ndalama zimene anamupatsa.