Giza imayamba yadandaula isanafe

M'nyumba zambiri za m'tauni, giza imakhala mu siling'i, pamwamba pa bafa kapena pa kanjira kolowera kuzipinda. Palibe amene amaiona. Timaikumbukira mwezi wa June, chiperoni chikamawomba, munthu atavula kale m'bafa koma mpope wofiira ukutulutsa madzi ozizira. Komatu giza ya malita 150 ikadzaza, madzi okha amalemera makilogalamu 150, osawerengera thanki yake. Katundu ameneyu amagona pamatabwa, pamwamba pa mitu yathu, ali wotentha madigiri 60.

Tsiku limene madzi akhuthukira pamatiresi, bolodi la siling'i n'kugwera pansi, a m'nyumbamo amati zachitika mwadzidzidzi. Ine ndimakana. Giza imayamba kudandaula kudakali miyezi. Chofunika n'kusiyanitsa matenda ochizika ndi matenda oti mwini wake ayambe kusunga ndalama ya giza ina.

Ochizika ndiwo ambiri. Madzi akasiyiratu kutentha, kawirikawiri ndi elementi yapsa kapena themositati, kachipangizo kodula magetsi madzi akatentha mokwanira, yafa. Zonsezi zimagulitsidwa m'mahadiweya, ndipo mmisiri wodziwa ntchito amasintha tsiku lomwelo. Kwathu kuno elementi ili ndi mdani wapadera. Madzi akasiya kumipope, thanki ikhoza kutsala yopanda madzi okwanira, magetsi ali chiyakire, ndipo elementi youma imapsa m'mphindi zochepa. Madzi akapita, thimitsani swichi ya giza musanayambe n'kudandaula komwe. Swichi yaikulu ya m'nyumba ikamagwa nthawi iliyonse mwayatsa giza, musamaikankhe mobwerezabwereza ngati mukulimbana nayo. Nthawi zambiri elementi imakhala yang'ambika, magetsi akukhudzana ndi madzi amene mwana wanu asambe madzulo.

Phokoso nalo limaopsa anthu kuposa mmene liyenera. Giza ikamathetheka kapena kugunda ikamatenthetsa, suzumirani mu ketulo yanu: zoyera zouma zimene zamatirira pansi ndi zomwezo zaunjikana m'thanki ndi kukuta elementi. Zimachuluka kumene madzi ndi a pamjigo. Thanki ikhoza kukhuthulidwa n'kutsukidwa, elementi n'kusinthidwa.

Tsono zungulirani kuseri kwa nyumba mukaone timapaipi totuluka pakhoma kapena m'munsi mwa denga. Madzi akamatentha amafufuma. Pa malita 150 pamawonjezereka malita awiri kapena kuposerapo pang'ono, ndipo amenewa amayenera kutuluka. Choncho kudontha pang'ono pamene giza ikutenthetsa si vuto. Vuto ndi kuyenderera usana ndi usiku, mpaka khoma kumera ndere. Pamenepo valavu yotulutsa madziwo yatha. Paipi ikamalavula madzi owira ndi nthunzi, kapena mpope wa m'bafa ukamatulutsa nthunzi, thimitsani magetsi nthawi yomweyo, themositati yakanirira. Ndipo chonde, a bambo a m'nyumba, paipi imeneyi si yopinda, si yomanga ndi mphira, si yokhomera kamtengo kuti isiye kunyowetsa khoma. Ndiyo khomo lotulukira mphamvu ya madzi owira. Giza imene imaphulika zenizeni, yosasula denga, ndi imene themositati yake yafa, khomo limeneli litatsekedwa.

Mita nayo imalankhula. Kutenthetsa malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumadya mayunitsi pafupifupi 7, ndipo elementi ya 3 kW imatenga maola awiri ndi mphindi pafupifupi 20. Mayunitsi a ESCOM akayamba kutha msanga pomwe simunagule chipangizo chatsopano, ana asanalandire mlandu wosiya nyale zoyaka, ganizirani kuti mwina madzi otentha akuthawira penapake, giza n'kumangotenthetsa ena osapuma.

Matenda osachizika ali m'thanki mwenimweni. Thanki zambiri ndi zachitsulo, m'kati mwake mokutidwa ndi utoto wolimba wonga galasi. Utotowo suchedwa kukhala ndi ming'alu ing'onoing'ono chifukwa cha kutentha ndi kuzizira kwa tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake opanga amaikamo kandodo ka maginiziyamu, kotchedwa anodi, kamene ntchito yake ndi kudyeka m'malo mwa chitsulo. Kandodoka kamatha m'zaka zochepa ndipo kamayenera kusinthidwa. Funsani eni nyumba khumi ngati anasinthitsapo, muone mmene akuyang'anireni. Kakatha, dzimbiri limayamba kudya thanki kuchokera m'kati, kumene diso silifika.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Tengani makapu awiri oyera, imodzi mutungire madzi ozizira, inayo otentha. Onse akakhala ofiirira, makamaka madzi atangobwera kumene, ndi matope a m'mapaipi, adikireni ayera. Koma otentha okha akamafiirira, lero, mawa, sabata yonse, pansi pa kapu n'kutsala timibulu tadzimbiri, thanki yayamba kudyeka. Kenako pa siling'i pamaoneka banga lachikasu lokhala ndi mkombero wakuda, bolodi n'kuyamba kufufuma. Ambiri amati ndi denga likudontha, osadzifunsa kuti denga lingadonthe bwanji mu August.

Pamenepo wina akwere ndi tochi, magetsi atathimitsa, ndipo aziponda pamatabwa okha. Ayang'ane kumene chinyezi chikuchokera. Chikakhala polumikizira paipi kapena pomangira elementi, pulambala akonza. Chikamatuluka m'thupi la giza, m'mphepete mwa chikuto chake, mizere yadzimbiri itatsetsereka mpaka pansi, nkhani yatha. Padzapezeka mmisiri wonena kuti, "Bwana, musavutike, tiwotcherera." Ndalama imeneyo mwataya. Moto wowotcherera umawononga utoto wa m'kati, ndipo pamene dzimbiri laboola pamodzi, malo ena khumi atsala pang'ono. Ali konko awerengenso kachikwangwani kapathanki kosonyeza chaka chimene inapangidwa. Giza zambiri zimakhala zaka 8 mpaka 12, ndipo zochokera ku South Africa, zimene zadzaza m'masitolo athu, galanti ya thanki yake nthawi zambiri ndi zaka 5. Giza ya zaka khumi yofiiritsa madzi si yoyenera kuigulira elementi yachitatu.

Chimene chimachedwetsa zonsezi si umbuli ayi, koma lendi. Woona zizindikiro ndi wokhala m'nyumba, wolipira giza ndi landilodi. Wa lendi amaopa kunena, poti yankho amalidziwa kale: "Munaipeza ili bwinobwino, mwawononga ndinu." Landilodi naye amawerengera mtengo wa giza, kuiwala kuwerengera siling'i, penti, mawaya onyowa ndi mwezi umene nyumba idzakhale yopanda munthu. Wa lendi ajambule banga lija ndi kapu ya madzi ofiira, atumize pa WhatsApp tsiku lomwelo. Deti la uthengawo lidzamuyankhulira pa tsiku la mlandu.

Pogula giza ina, musalole kuti mmisiri abwezeretse mavalavu akale pofuna kupulumutsa ndalama. Pansi pa gizayo paikidwe thireyi yolandira madzi, yokhala ndi paipi yakeyake yotulukira kunja. Ku South Africa muyezo wa SANS 10254 umafuna zimenezi pa giza ya mu siling'i, ndipo palibe chifukwa choti siling'i ya ku Area 47 kapena ku Namiwawa ikhale yosatetezeka. Ngati khoma lakunja lilipo lolimba, ikhomeni kumeneko, kumene mungaione mukamayanika zovala. Akamaliza kumanga, madzi ayambe ndiwo kulowa: tsegulani mpope wotentha mpaka usiye kutsokomola mpweya n'kumatulutsa madzi okhaokha. Magetsi ayatsidwe pambuyo pake.