Yehova, Yahve kapena Chauta?

Pa maliro kuno ku Mchinji, kaya ku Kamwendo kaya kufupi ndi chipata cha Mwami, mlaliki wina amawerenga kuti Yehova, mnzake n'kuti Chauta, chonsecho vesi ndi lomwelo. Anthu amayamba kunong'onezana: kodi Baibulo lenileni ndi liti?

Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ntchito yomwe anatsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, ndipo muli Yehova. Akatolika, monga a ku Guilleme ndi Ludzi, anali ndi Malembo Oyera a mu 1966, omwe amati Yahve. Buku Loyera la mu 1998, lomwe Akatolika ndi Aprotestanti anamasulira limodzi, linasankha Chauta, dzina lomwe makolo athu ankatchula popempha mvula.

Omasulira onsewa ankalimbana ndi zilembo zinayi za Chihebri za dzina la Mulungu, YHWH, zomwe Ayuda eniake anasiya kuzitchula chifukwa cha ulemu. Ine pamenepa sindionapo chinyengo. Buku Lopatulika limatsata kwambiri kalembedwe ka Chihebri ndi Chigriki, n'chifukwa chake nthawi zina limalemera m'kamwa. Buku Loyera limafuna kuti agogo a ku Mkanda amve powerenga kamodzi kokha, popanda abusa kubwerezanso.