Kodiyoni ya ku Joni: tigulitsane, koma tisaberane

Anzanga aphunzitsi, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero nkhani za mayeso ndaziika kaye pambali. Ndabwera ndi nkhani ya kodiyoni.

Kuno kwa Kuntumanji kuli mkulu wina amene anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni. Anzake pobwerera anatenga njinga, wailesi ndi majekete, iye anawonjezapo kachida koimbira kokhala ndi mabatani 20, khumi dzanja ili, khumi dzanja linalo, pakati pali mvukuto. Ife timangoti kodiyoni, koma dzina lake lenileni ndi konsatina, mng'ono wake wa kodiyoni. Azulu amati inkositini. Zaka zonsezi mkuluyu wakhala akuiliza pa maukwati ndi pakhonde madzulo. Tsopano zala zauma, ndiye wati aigulitse.

Ogula anapezeka awiri. Woyamba ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa, amaliza kiyibodi ku kwaya, ndipo anati apereka matumba awiri a mpunga akakolola. Wachiwiri ndi wamalonda wa m'tauni, amene anati apereka pompo ndalama zoposa pamenepo. Iyeyu saimba. Amagula zinthu zakale n'kukagulitsa kwa ofuna kukongoletsera makoma a malo ogona alendo. Ana a mkulu uja anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, landirani ya wamalondayo. Nkhani inafika kwa ine, poti mphunzitsi kumudzi amakhalanso woweruza milandu imene sanaiphunzire ku koleji.

Maganizo anga ndi akuti chida chotere chizipita kwa woimba mnzako. Ndifotokoze chifukwa chake.

Konsatina anaiyambitsa ndi Charles Wheatstone wa ku England cha m'ma 1829. Inde, yemwe uja wa Wheatstone bridge, aphunzitsi a sayansi musadabwe. Mu 1834 Carl Uhlig wa ku Chemnitz ku Germany anapanga mtundu wina, umene batani limodzi limatulutsa mawu awiri: ena ukakankha mvukuto, ena ukakoka. Mtundu umenewu, wotsika mtengo, ndi umene unadzaza m'masitolo a ku migodi ya South Africa, ndipo Azulu ndi Asutu anausandutsa wawo. Amene munamvako nyimbo za malemu Johnny Clegg mawu ake mukuwadziwa. Tsono pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Oimba a kumeneko ankasinthasintha timalilime tachitsulo ta mkati kuti mawu agwirizane ndi nyimbo zawo. Choncho konsatina ya ku Joni mukhoza kuipeza kuti mabatani ake sakulira monga mmene buku kapena kanema wa pa YouTube akunenera. Amene amadziwa kuti chala chiti chigwere pati ndi mwini wake basi. Mukagulitsa kwa munthu wokapachika pakhoma, mwagulitsa bokosi lokha, nzeru ija mwatsala nayo ndipo mudzapita nayo kumanda.

Komanso njira imene zida zimenezi zinkabwerera inatsekeka. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu analetsa zolemba anthu ntchito ya ku migodi. Zinayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, n'kudzatheratu mu 1988. Ana athu akupitabe ku Joni, koma masiku ano amabwera ndi mafoni ndi zimkuzamawu. Sindinaonepo wobwera ndi konsatina. Iliyonse yochoka m'mudzi ndiye kuti yapita.

Koma apa ndiyenera kudzidzudzula ndekha. N'kwapafupi munthu wolandira malipiro pa mwezi kuuza nkhalamba kuti ikane ndalama chifukwa cha chikhalidwe. Mkuluyu akufuna mankhwala, akufuna feteleza. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zinthu zinakwera mtengo. Ana ake sanalakwe. Ndipo ife oimba tili ndi khalidwe loipa limene sitikonda kulitchula: tikamagula kwa mnzathu timafuna kuti chinansi chilipire theka la mtengo. "Agogo, si ndife amodzi?" Umodzi wake uti wongopindulira wogula? Mnyamata uja ndinamuuza maso ndi maso kuti matumba awiri achepa, ndipo kulonjeza mpunga umene ukadali m'dambo si kulipira. Tonse tikudziwa mmene nyanja ya Chilwa imachitira. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pamatope. Chaka cha mvula yovuta, ngongole ya mpunga imasanduka nkhani ya kwa amfumu.

Wogulitsa nayenso ali ndi mbali yake, ndipo apa mpamene ndinakondwera ndi mkulu uja. Tsiku loyesa chidacho sanabise kanthu. Anaigwira konsatina mbali imodzi n'kuisiya ilendewere osadina batani. Mvukuto unatambasuka msangamsanga. "Waona, mwana wanga? Ikutaya mpweya. Yabwino imatsika pang'onopang'ono ngati nkhalamba ikukhala pansi." Kenaka anadina mabatani onse limodzilimodzi, kukankha ndi kukoka. Awiri anali duu, lina linkalira mosasa. Anamasula mbali imodzi ndi kutionetsa dzimbiri pa timalilime, ndi tizikopa totseka mpweya titapindika. Chinyontho cha kuno kunyanja sichigwirizana ndi zitsulo zotere, ndiye kuwonjezapo mphemvu zimene zimakonda guluu. Ananenanso kuti kona ina ya mvukuto anamata yekha ndi chikopa cha nsapato. Wamalonda uja zonsezi sanafunse n'komwe, poti khoma silifuna nyimbo.

Inu amene mukugula gitala, banjo kapena kiyibodi yakale kwa mnzanu, chitani chimodzimodzi. Iyeseni pamaso pa mwini wake, mawu alionse paokha, masana dzuwa likuswa mtengo. Zogula pongoona chithunzi cha pa WhatsApp zadanitsa anthu a kwaya imodzi, ine ndaziona. Ndipo wogulitsa wobisa chilema kwa woimba mnzake aziganiza kawiri, chifukwa adzakumana Lamlungu, adzakumananso pamaliro.

Tinamaliza bwanji? Mnyamata anawonjezera mtengo kufika pafupi ndi wa wamalonda uja. Theka anapereka tsiku lomwelo, atagulitsa mbuzi, ndipo lotsala tinalemba papepala kuti azipereka mwezi ndi mwezi, ine ndi mwana wamkulu wa agogowo mboni. Agogo anachotserako pang'ono chifukwa cha mabatani awiri aja, n'kuikapo lamulo lawo: Loweruka lililonse madzulo mnyamata azibwera nayo pakhonde kudzaphunzira. Mmodzi mwa ana aja mpaka lero sandipatsa moni bwino, akuti ndinawadyetsa ndalama zochepa, ndipo mwina pa masamu okha akunena zoona.

Loweruka lapitali ndinadutsa pamenepo pochokera ku msika. Mnyamata akali kusokoneza kukankha ndi kukoka, moti agogo anamumenya kambama kofewa padzanja katatu ine ndili chiimire. Mabatani awiri aja sanakonzedwebe. Ngati alipo mwa inu amene akudziwa mmisiri wokhoza kupala ndi kuchuna timalilime ta kodiyoni, kaya ku Zomba kaya ku Limbe, mnyamatayu akumufuna.